Ulendo wa parishi: kodi basi yathu iloze kuti?

Kwa masondo atatu tsopano, Misa ikatha kuno ku Linda anthu sakuthamangira kunyumba. Akumatsalira pamthunzi kuseri kwa chalichi, ndipo mau akumakwera kufikira ana oyembekeza makolo ao atayamba kulira njala. Nkhani yake ndi ya ulendo. Kuyambira mu January miphakati yathu yakhala ikusonkha ndalama pang'onopang'ono, ena kucokera ku matimati ndi repu wa m'madimba, ena ku makala ndi vitumbuwa, ena pa malipiro a ganyu wa m'mafamu a ku Makeni, kuti tikatha kukolola tikwere basi imodzi tikaoneko dziko lathu. Ndalamazo zilipo, amsungicuma anaziwerenga pamaso pa onse. Cimene casowa ndi cimodzi: tipite kuti?

Acinyamata a kwaya afuna ku Livingstone. Azibambo ndi azimai ambiri, amene kwao ndi ku Katete, ku Petauke ndi ku Chadiza, akuti tidikire August tikaone Kulamba ku Mkaika. Mai wina wacikulire anaimirira nati iye sanaonepo Nalikwanda ndi maso, ndipo safuna kufa asanafike ku Mongu. Palinso kagulu kena, kosalankhula kwambiri koma koumirira, kamene kakuti ulendo ndi masewera a anthu olemera, ndalamazo tigawane aliyense akagule feteleza. Ife amene tilemba pano takhala tikumvetsera mbali zonse, ndipo tiri nao maganizo athu. Tikuwaika poyera cifukwa tidziwa kuti mkangano wotere suli ku Linda kokha. Ulinso ku Kanyama, ku Chawama, ku George ndi m'makalabu a alimi ku Chongwe ndi ku Chilanga.

Coyamba tibvomereze kuti Zambia ndi dziko lalikulu kuposa mmene ambiri a ife timaganizira tikakhala mu minibasi yopita ku City Market. Kukula kwake ndi masikweya kilomita oposa 750,000. Malawi yense angalowemo kasanu ndi kamodzi malo n'kutsalako. Zigawo ziripo 10 kuyambira pamene anakhazikitsa Muchinga mu 2011, mitundu ya anthu timati iripo 73, ndipo wailesi ya boma imalankhula zinenero 7 za kuno kwathu. Kucoka mu Lusaka kupita ku Livingstone ndi makilomita pafupifupi 480. Ku Chipata ndi pafupifupi 570, ku Mongu pafupifupi 600, ndipo ku Mpulungu, kumene kuli nyanja ya Tanganyika, ndi oposa 1,000. Lusaka ali pakati ngati mcombo, ndipo miseu ikuluikulu imatuluka muno kuloza mbali zosiyana. Sungacoke ku Chipata n'kudutsira ku Mongu osabwereranso mu Lusaka muno.

Tikunena izi cifukwa pamsonkhano waciwiri panabwera ganizo lofuna kukondweretsa aliyense. Wina anati tiyambe ndi Siavonga, tikagone ku Livingstone, tikwere ca ku Sesheke mpaka ku Mongu, ndipo tibwerere kudzera m'nkhalango ya Kafue, zonsezo m'masiku anai. Anthu anaomba m'manja. Ife sitinaombe. Ici cakoma ici cakoma pusi anagwa cagada. Ulendo wotere ndi wa makilomita oposa 1,500, ndipo cimene tingakaone ndi msana wa mpando wa kutsogolo kwathu. Agogo athu adzatsika basi miyendo itatupa, ana atasanza, ndipo akafunsidwa kuti munaona ciani adzati tinaona mafilingi siteshoni. Gulu la anthu 60 siliyenda monga munthu mmodzi wa cikwama kumsana. Kungotsika kuti aliyense akataye madzi kumadya ola lathunthu. Cigawo cimodzi pa ulendo umodzi, ndipo m'cigawomo malo awiri kapena atatu oyandikana, ndiwo muyeso umene thumba lathu ndi matupi athu angakwanitse.

Tsopano tibwere kwa abale athu ofuna Kum'mawa, ndipo pano tilankhule mosamala cifukwa ambiri a ife olemba kwathu ndi komweko. Kulamba ndi mwambo waukulu. Pa Ciweru cotsiriza ca August Acewa a mu Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Mu 2007 atsogoleri a maiko atatuwa, a Levy Mwanawasa, a Bingu wa Mutharika ndi a Armando Guebuza, anakhala pabwalo limodzi kumeneko. Gule Wamkulu analandira ulemu wa bungwe la UNESCO mu 2005. Mwana wa Mcewa wobadwira m'komboni, amene adziwa Cinyanja ca m'tauni cokha, ayenera kufikako ndithu tsiku lina.

Koma tidzifunse moona mtima. Kodi tikapita ku Mkaika tidzakhala tikuona dziko, kapena tidzakhala tikupita kumudzi pa basi yolipiridwa ndi parishi? Tikudziwana. Basi ikangofika pa Nyimba wina adzapempha kutsika kuti akaone amalume ake. Pa Sinda adzatsika atatu. Pobwerera, denga la basi lidzadzaza ndi masaka a nshawa ndi nkhuku za m'zitatanga, ndipo tidzadikira maola awiri munthu amene wapita kukalira maliro akale. Mseu wa Great East timaudziwa ngati cikhatho cathu. Tidziwa pogula nsomba zouma pa Luangwa Bridge, tidziwa pamene mtima umagunda pa Manenekela. Timaupita pa maliro, pa maukwati ndi pokatenga cimanga. Ndipo m'parishi mwathu muli Atonga, Alozi, Abemba, Asoli ndi Alenje amene anasonkha mofanana ndi ife. Iwo akhala akuimba nyimbo za Cinyanja pa Misa kwa zaka zambiri osadandaula. Kodi ndi cilungamo kuti ulendo woyamba ukhalenso wopita kwathu, cifukwa cabe cakuti tikakweza manja ndife ocuruka?

Akulu anati mwana wosayenda amayesa amake okha ndiwo adziwa kuphika. M'makomboni muno timakhala khomo ndi khomo ndi anthu a mitundu ina, timabwerekana mcere ndi mbaula, komabe nthawi ya masankho ikafika timamva mau oipa onena za mtundu wakutiwakuti, ndipo ena a ife timawabwereza pa mpopi wa madzi. Ambiri onena zotere sanapondepo kwao kwa anthu amene akuwanenawo. Sanadyepo nsima ya m'nyumba yao. Cifukwa cake ife tikuti ulendo wa parishi upite kumene ambiri a ife tidzakhala alendo, kumene tidzafunika kuphunzira kupereka moni tisanapemphe madzi akumwa.

Cinthu cina cimene sitinacimve cikuchulidwa mokwanira pansi pa mtengo paja ndi kalendala. Dziko lino siliona mofanana miyezi yonse, ndipo mlimi sali womasuka miyezi yonse. Nc'wala ya Angoni ku Mtenguleni imacitika kumapeto kwa February. Ndi mwambo wa zipatso zoyamba za m'munda, wokoma zedi kwa mlimi, koma ndi nthawi imene m'nyumba zambiri ufa watha, ndalama za sukulu zatikolopa, ndipo kawirikawiri timakhala tiri mu Lenti. Kuomboka imagwa mu March kapena April, pamene Litunga acoka ku Lealui kupita ku Limulunga, koma tsiku lake silikhala lodziwika kale cifukwa amayang'ana madzi a m'cigwa ca Zambezi. Mu 2019 mwambowu sunacitike cifukwa madzi anacepa. Gulu losonkha ndalama caka cathunthu silingapangane ndi mwini basi pa tsiku limene lingasinthe. Kwa amai athu aja ofuna kuona Nalikwanda tikuti pepani, ulendo wa ku Mongu ufunika kagulu kocepa kotha kunyamuka uthenga ukangomveka pa wailesi. Umutomboko wa Mwata Kazembe ku Mwansabombwe uli kumapeto kwa July, ndipo Likumbi lya Mize la Aluvale, kumene kuli makishi, liri mu August ku Zambezi. Nthawi zake ndi zabwino kwa mlimi, koma mtunda wake ndi wa tsiku lathunthu kapena kuposa, kupita kokha. Mafuta a ulendo wotere angameze thumba lonse tisanagule ngakhale buledi.

Acinyamata ofuna mathithi a Mosi-oa-Tunya nawonso amve izi. Ena a iwo anati tipite pa chuthi ca Ufulu, pa 24 October. Amene anapitako mwezi umenewo adziwa cimene anapeza. Mathithiwa ndi otambalala mamita oposa 1,700 ndipo madzi amagwa mamita oposa 100, koma mu October ndi November mbali ya Zambia imatsala pafupifupi mwala wokhawokha, madzi ambiri ali ku mbali ya Zimbabwe. Mu April ndi May madzi amacuruka kotero kuti umanyowa ngati wagwera m'citsime ndipo nthunzi imabisa zonse. June ndi July ndiyo miyezi imene munthu amaona madzi ndi phompho lomwe. Ndiyonso miyezi imene cimanga ciri m'nkhokwe, miseu yauma, ndipo nchito ya kusosa siinayambe.

Cotero ganizo lathu ndi ili. Tipite Kumwera, kuciyambi kwa July, pamene Lolemba ndi Laciwiri loyamba la mweziwo ndi machuthi a Heroes ndi Unity, kuti ogwira nchito ndi ana a sukulu asajombe. Koma tisathamangire ku Livingstone monga acitira alendo ocokera kunja. Tiyambe taima ku Monze.

Cifukwa cake n'cakuti ife ndife alimi ndiponso Akristu, ndipo dera la Monze liri ndi zotiphunzitsa pa zonse ziwiri. Ukakhota pa Chisekesi umafika ku Chikuni, mishoni imene wansembe wa Cijezuiti, Bambo Joseph Moreau, anayambitsa mu 1905. Wansembe ameneyu amakumbukiridwa cifukwa cophunzitsa anthu kulima ndi pulao yokokedwa ndi ng'ombe, ndipo kucokera pamenepo Atonga a pamtunda anakhala alimi a cimanga otumiza cakudya ku migodi. Ku Chikuni kuli sukulu ya Canisius imene inaphunzitsa atsogoleri ambiri a dziko lino, kuli wailesi ya anthu a m'midzi, ndiponso kuli malo ochedwa Mukanzubo osungirako miyambo ya Citonga. Mkristu wa ku Linda amene aganiza kuti cikhulupiriro ndi khasu n'zosiyana akaone kumeneko.

Ndipo pali funso limene tingakafunse alimi anzathu a kumeneko limene sitingalifunse ku Katete. Kumwera mvula imabvuta kawirikawiri kuposa kwathu. Matenda a denkete anapha ng'ombe zao zambiri m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, ndipo mabanja ena anasamukira ku Mumbwa ndi ku Chibombo kufuna mvula ndi malo. Otsalawo anaphunzira kukhala ndi cilala. Ife tinacilawa mu 2024, pamene pa 29 February boma linalengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse, mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a cimanga atapserera m'minda. Tonse tikumbukira mtengo wa thumba la ufa caka cimeneco, ndi magetsi ozima usana ndi usiku cifukwa madzi anacepa ku Kariba. Kodi munthu wa ku Monze kapena wa m'cigwa ca Gwembe amabzala ciani mvula ikacedwa? Mapira ndi mawere amawasunga bwanji kuti mbalame zisamalize? Mbuzi ndi ng'ombe amazidyetsa ciani mu October? Mayankho a mafunso awa sapezeka pa pepala la pa thumba la mbeu. Amapezeka utakhala pa mpando m'khonde la munthu, cikho ca cibwantu ciri m'manja.

Masiku omwewo a kuciyambi kwa July ndiwonso a mwambo wa Lwiindi ku Gonde, pafupi ndi Monze, pamene Atonga amathokoza cifukwa ca zokolola. Tidziwa kuti pano ena atukula nsidze. Pamsonkhano bambo wina wa m'bungwe la akulu a mpingo anafunsa ngati n'koyenera kuti gulu la parishi likapezeke pa malo a mizimu. Funso limeneli si lopusa, ndipo likanabukanso ku Mkaika, pakuti tonse tidziwa mbiri ya kusamvana pakati pa mishoni ndi dambwe. Ife tiona kuti kupita kukaona monga mlendo waulemu sikufanana ndi kukapereka nsembe. Munthu angaime pamene alendo amaima, naona magule, namva ng'oma, osalowa kumene sanaitanidwe. Koma cikumbumtima ca munthu sitingacikoke ndi cingwe. Tipemphe Bambo Mfumu atiunikire tisananyamuke, ndipo amene mtima wao sulola atsale ku mishoni tsiku limenelo popanda wina kuwaseka. Cimene tikana ndi kunyoza mwambo wa eni dera tiri pakhomo pao. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata.

Tikacoka ku Monze, tsiku laciwiri tipitirire ku Livingstone. Panjira tidzadutsa Choma ndi Kalomo, tauni imene inali likulu la boma la atsamunda ku North-Western Rhodesia kufikira 1907. Livingstone nayenso anali likulu la dziko lino kufikira 1935 pamene boma linasamukira ku Lusaka. Ana athu amaloweza zimenezi pokonzekera mayeso a Giredi 7 osadziwa kuti ndi malo enieni okhala ndi fumbi ndi anthu. Akaone mlatho wa njanji wa 1905 umene ukali cilili pamwamba pa phompho. Akalowe mu Livingstone Museum, nyumba yakale koposa zonse zosungiramo mbiri mu Zambia. Ndipo aliyense anyamule citupa cake ca NRC, pakuti mwini dziko amalipira ndalama zocepa pa geti kusiyana ndi mlendo wakunja. Ambiri a ife takhala tikuopa malo awa poganiza kuti ndi a azungu ndi a madola. David Livingstone anawaona mu 1855 ataperekezedwa ndi anthu akuda amene anali kuwadziwa kale ndi dzina lao.

Sitinaiwale abale athu a feteleza. Mwa onse otsutsa, iwo ndiwo ali ndi mfundo yolemera, ndipo sitifuna kuwayankha mwacipongwe. M'parishi muno muli amasiye amene ndalama imene anasonkha ikanagula cakudya ca mlungu wathunthu. Ngati munthu anasonkha mu January zinthu ziri bwino ndipo lero mwana wadwala, abwezeredwe ndalama zake mwakacetecete, dzina lake lisawerengedwe kutsogolo kwa chalichi. Ici tikucinena molimba, cifukwa manyazi ndiwo amacititsa anthu kukongola kaloba kuti aoneke nao m'basi. Koma kunena kuti tonse tileke ulendo, ife tikana. Ndalamazi tikazigawana, aliyense sadzapeza ngakhale thumba limodzi lathunthu la feteleza, ndipo pofika August zidzakhala zitathera ku tokotaimu ndi ndiwo. Anthu anasonkha podziwa kuti ndi za ulendo. Kusintha colinga ndalama zitasonkhedwa kale ndiko kumaphetsa zopereka m'mipingo yambiri, cifukwa mawa mukadzati tisonkhe za denga anthu adzakumbukira.

Kwa amene sangathe masiku atatu, kaya cifukwa ca ukalamba, kaya cifukwa ca kantemba kosatsekeka, komiti ipatule ndalama pang'ono za ulendo wa tsiku limodzi. N'zocititsa manyazi kuti ambiri a ife takalambira mu Lusaka osalowapo m'nyumba nambala 394 ku Chilenje, mmene a Kenneth Kaunda anakhala kuyambira 1960 mpaka 1962 pomenyera ufulu. Munda Wanga ndi malo ofufuzira za ulimi a Mount Makulu ali ku Chilanga, pamphuno pathu penipeni. Ku Kasisi, kupitirira bwalo la ndege, kuli mishoni ina ya 1905 ndi sukulu ya alimi imene Ajezuiti anatsegula mu 1974, yophunzitsa kulima ndi manyowa m'malo modalira feteleza wa m'sitolo. Abale athu a feteleza mwina kumeneko n'kumene angapindule koposa tonse. Ndipo mvula ikayandikira, Asoli amacita Chakwela Makumbi ku Chongwe, pamene Mfumu Nkomeshya ipempherera mvula ndi kudalitsa mbeu. Nthaka imene tamangapo makomboni athuwa ndi ya Asoli, koma ndi angati a ife amene anapitako kukaona eni malo? Ndi makilomita osafika 50.

Mau ocepa kwa a komiti pa za basi. Zaka zingapo zapitazo ena a ife tinapita ku ukwati Kum'mawa pa basi yochipa imene mnzathu wina anatipezera. Inafera pa phiri dzuwa litalowa, dalaivala analibe ngakhale sipanala, ndipo tinagona m'mbali mwa mseu ndi makanda. Mwini basi anazima foni. Tsono nthawi ino pangano lilembedwe papepala, anthu awiri a komiti akaione basiyo ndi maso, aone matayala ndi mapepala a inshuwalansi, ndipo tisayende usiku ngakhale dalaivala atanena kuti njira aidziwa. Za malo ogona, kalata ipite msanga ku maparishi a ku Monze ndi ku Livingstone kupempha holo kapena makalasi. Tinyamule mphasa, mabulangeti okwanira pakuti July Kumwera kumazizira koopsa, ufa wathu, kapenta ndi mapoto. Tinyamulenso kamphatso ka eni nyumba. Ndipo masondo otsalawa, Atonga a m'parishi mwathu atiphunzitse kunena kuti mwabuka buti ndi twalumba, ndi nyimbo imodzi ya Misa m'cinenero cao, kuti tisakafike ngati anthu osalankhula.

Abale a Kum'mawa asataye mtima. Ngati ulendo uno uyenda bwino, ife tidzakhala oyamba kupempha kuti wotsatira ukhale wa ku Mkaika, ndipo pamenepo Atonga ndi Alozi a m'parishi ndiwo adzakhala pa mipando ya pawindo, ife tikuwalozera mlatho wa Luangwa ndi mapiri a ku Katete. Pambuyo pake tidzaone za Luapula, thumba likalola.

Sondo likudzali Misa yaciwiri ikatha tidzaponya voti. Tapempha a wakumpando kuti isakhale yokweza manja, pakuti mpongozi sangatsutse apongozi ake pamaso pa gulu. Pakhale timapepala, ndipo aliyense amene anasonkha, ngakhale wa kwaya wa zaka 16, akhale ndi kake. Ife pa kathu tidzalemba Monze ndi Livingstone.